Chinangwa cha aNyamhone

Chintheche
14 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Mavis,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma ine ndatopa, kutopa kosatha ndi tulo.

Munafunsa za mlongo wathu Aleck. Chitulukireni kundende zaka ziwiri zapitazo, sanakhudzenso chamba kapena chikwama cha mlendo. Amasoka maukonde, analowa kalasi kutchalitchi, ndipo akulu ampingo anali atavomera kumubwezera ku mgonero mwezi uno. Zimenezo zalephereka. Pa foni ndinakuuzani kuti wabanso chinangwa, inu n'kunena kuti galu wabwerera ku masanzi ake. Ndinakunamizani, achemwali.

Mukudziwa kuti nyanja itakwera inamiza munda wanga, chinangwa chonse n'kuolera pansi. Ana anagona masiku awiri osalawa kanthu. Tsiku la maliro a bambo Zacharia, mudzi wonse uli kumanda, ndinapita padziwe pamene aNyamhone, oyandikana nafe aja, anaviika chinangwa chawo cha kondowole. Ndinavuula dengu limodzi. Potembenuka ndinangoona Aleck ataima, ukonde uli paphewa. Anangonditwika dengulo.

M'mawa mwake aNyamhone sanafunse n'komwe, anangolunjika kwa Aleck. Paja kuno nkhuku ikasowa ndi Aleck, ngakhale anthu atachita kumuona mphamba akuuluka nayo. Akulu ampingo atamuitana, iye anavomera mlanduwo. Ine ndinali pomwepo, nditavala bulauzi yoyera ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ndili duu.

Pobwerera ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Achemwali, langa dzina linaola kale. Likaolanso lanu, ana anuwa kusukulu aziwatchula chiyani? Ine ndikudziwa mmene zimawawira."

Mgonero ndi Lamulungu likubwerali, ndipo wotsuka zikho anasankha ine. Kawiri konse ndafika pakhomo pa abusa kuti ndiulule, kawiri konse ndangopereka moni, kufunsa za chifuwa cha amayi abusa, n'kubwerera. Ndikuchita manyazi, komanso ndikuopa. Kaya ndidzatha, kaya. Chonde musandiyankhe ndi mavesi, ndimawadziwa onse ndipo ndimawaphunzitsa anzanga. Ndikungopempha kuti mumuimbire Aleck, mucheze naye ngati munthu. Za chinangwazo musatchule, adziwa kuti ndakuuzani.

Ana akupereka moni, akuti mubwere pa Khirisimasi. Mupereke moni kwa alamu. Aleck nayenso akuti moni wambiri, ndipo akuti jekete limene munamugulira kuti adzavale pa tsiku la mgonero mungopatsa wina kumeneko, popeza pansi pa mtengo, kunja kwa tchalitchi, pamene iye amamvera ulaliki sipafunika jekete.

Ndine mng'ono wanu, amene kuno amati ndi mayi wa chitsanzo,

Temwa