Dimba Langa, Dzina Lake

Lachiwiri, 4 Epulo

Ndapitanso kudimba. Mchenga wokhawokha, mpaka m'mawondo. Chimanga, tomato, mbuzi zanga zitatu, zonse mtsinje wa Likangala unatenga pa namondwe uja. Ndatolako chingwe basi.

A boma abwera kudzalemba alimi amene madzi anawakokolera mbewu ndi ziweto. Banja limodzi, dzina limodzi. Amuna anga, Che Idrissa, apita okha. Akuti ine ndipume, dzuwa lakula ndipo tikusala kudya.

Lachisanu, 7 Epulo

Mayina awamata kusukulu. Ndawerenga katatu, ndi chala. Langa, Mwanamvua, palibe. Nambala 62: Sumaya Idrissa. Mkazi wamng'ono! Wa ku Zakazaka uja, woti khasu sadziwa kulemera kwake.

Ndawafunsa bambo. Akuti: "Foni yako ija inanyowa, ndiye ndalama zikanalowera pati?" Basi, nkhani yatha. Zaka makumi awiri pabanja, wandiposa ndi foni.

Lachinayi, 13 Epulo

Ndakumana ndi Sumaya kumsika, pa a nsomba. Kupinda bondo, mawu ofewa: "Mwaswera bwanji, achemwali?" Ndayankha ndi mphuno. Wanenepa. Mwina ndi maso angawa.

Magret, mnzanga wa dimba la kumunsi, akuti aliyense alandira K150,000. Mbuzi ziwiri zimenezo, ndi mbewu ya nyemba pamwamba. Kusala kwanga kwa lero kaya kwalandiridwa. Ndamufunira zoipa mwana wa eni kuyambira m'mawa mpaka kufutulu, pomasula kusala madzulo.

Loweruka, 22 Epulo. Idi.

Sumaya wavala chitenje chatsopano chobiriwira, ndi mpango wake womwe. Ndalama sizinalowe n'komwe, wayamba kale kuzivala. Azimayi kumzikiti kumuzungulira, kugwiragwira nsaluyo. Ine changa cha chaka chatha, chong'ambika m'mphepete, ndinachipindira mkati.

Mpunga ndaphika, nkhuku yotsiriza ndapha. Bambo adyera kwa iye.

Lachitatu, 3 Meyi

Ndalama zalowa. Mafoni kulira nyumba ndi nyumba, nthungululu kuseri kwa aneba, a Shamsu. Mzere kwa ejenti mpaka kumsewu, akutero. Sindinatuluke. Magret wadutsa akukoka mbuzi, kundiitana. Ndabisala m'nyumba ngati mulibe munthu.

Bambo abwera akuimba mluzu. Ku Mbedza kuli njinga yamoto yotsika mtengo, ya kabaza, angowonjezera pang'ono pa ndalamazo. "Ithandiza banja lonse." Za dimba osatchulako. Ndiye kuti azikwezana awiriwo, mpango ukuuluka, ine ndikufukula mchenga.

Lachisanu, 5 Meyi

Ndikusesa pabwalo m'mawa, Sumaya uyu. Wapansi kuchokera ku Zakazaka, fumbi mpaka m'miyendo. Kumbuyo mbuzi ziwiri zazikazi, pamutu kathumba ka nyemba. Ndalama zotsala anamanga pansonga ya mpango. Wamasula, wandiika m'manja, ndi kapepala ka kwa ejenti.

"Madzi anapita ndi thukuta lanu, achemwali, osati langa. Bambo sakudziwa. Ndinawauza kuti netiweki ikuvuta."

Chitenje chija, kani anamugulira ndi mlongo wake Salim. Ndipo sabata ino bambo akugona kwa iye. Ukali wonse akaulandira yekha, akudziwa, koma wabwerabe.

Zikomo wandikanika. Ndangoti khala pansi, ndikuphikire tiyi.

Ndikukoleza moto, ndimamuba ndi diso. Wamng'ono. Wokongola. Tsopano ndi mtima womwe wandiposa. Ine ndikanakhala iyeyo sindikanabweretsa ngakhale nyemba imodzi. Ndikudziwa bwino. Chimenechi ndiye chikundiwotcha, Mulungu andikhululukire.

Akadali pakhonde, kapu m'manja, sakumwa. Ndamuuza asabwerere yekha. Pobwera bambo atipeze tonse awiri.

Mbuzi sizikutonthola. Kumsewu mawu a bambo, akufunsa ana kuti zikulirazo n'za ndani. Sumaya waimirira. Ndiike cholemberachi, nditsogole ndine