Chiphaso cha Nalau

Mackay, Queensland
14 Novembala 1906

Okondedwa achimwene Ofasia,

Musaitaye kalatayi ndi mantha, sanalembe mzukwa. Ndine Maelanga mng'ono wanu, amene munamva kuti anafa ndi kamwazi m'minda ya nzimbe chaka chatha. Aphunzitsi akuwerengereni muli awiriwiri.

Boma la kuno likutibweza kwathu ife a pazilumba, kupatula amene akhala zaka makumi awiri. Ine ndawadulira nzimbe zaka khumi ndi ziwiri, koma akuti sindine munthu wa mfumu yawo. Mwana wanga Lisi, yemwe mayi ake anatisiya, anabadwira konkuno, ndiye iyeyo akuti ndi wawo. A mishoni anati atsale nawo, ine ndikwere sitima yobwerera kwathu ku Malaita ndekha. Zimenezo zinandikanika.

Amene anafa ndi mnzanga Nalau wa ku chilumba cha Tanna, yemwe anali ndi chiphaso cha okhalitsa. Ndinachisolola m'bokosi lake thupi lisanazizire, ndipo kapitawo watsopano atafunsa ndinati wafayo ndi Maelanga. Kwa mzungu nkhope zathu n'zimodzi. Pathabwa la pamanda ake, m'mphepete mwa munda, pali dzina langa.

Kubwalo la boma anafuna mboni yotsimikiza kuti ine ndine Nalau, ndipo anaitana a Iaruel, nkhalamba ya ku Tanna. Anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Eya bwana, ndi Nalau ameneyu." Titatuluka anandikoka mkono.

"Wanenepatu chimwalirire, Nalau iwe! Nanga chilankhulo chakwanu unachisiya m'manda?"

Ndinayesa kuseka, iwo sanaseke.

"Mphwanga, kwathu dzina limayenda ndi munda, mwini wake akafa timalipereka kwa khanda. Ine ndikupita ku Tanna Lachiwiri. Mayi ake a Nalau ndikawauze chiyani? Kuti mwana wawo ali moyo, koma safuna kubwera?"

"Mukatero, bambo, ndagwira mwendo wanu."

"Ndikanama chifukwa cha kamtsikanako, osati iwe."

Achimwene, Lisi ndili naye, koma mtendere ndilibe. Kapitawo akaitana dzina la Nalau, dzuwa lili pamutu, ndimamva wina akuvomera kumbuyo kwanga m'nzimbe ndisanatsegule pakamwa. Ndikacheuka palibe munthu, masamba okha akugwedera. Ndimaganizira mayi uja wa ku Tanna amene azingoyang'ana kunyanja mpaka imfa, chikwanje n'kundilemera.

Pempho langa ndi lowawa. Musauze aliyense kuti ndilipo, chifukwa sitima zikupita ndi kubwera, ndipo mawu amakwera nawo. Akadziwa andimanga, Lisi n'kumutenga. Mwambo wa maliro anga muumalize, nkhumba muphe monga mwa nthawi zonse. Moni kwa alamu ndi ana, koma muusunge mumtima. Mukawaona amayi akundilira, mukhale nawo pafupi, muwagwire dzanja m'malo mwanga, ndipo musanene kanthu.

Ndine mng'ono wanu,
Maelanga