Nsalu Yoyera ya Cecily

Okondedwa achimwene a Gervase,

Ndikhulupirira muli bwino uko ku Flanders pamodzi ndi amayi. Kodi chifuwa chawo chija chinaleka? Kuno ku Lancashire tili moyo, nkhosa zaswa bwino, koma ine ndikusowa pobisa nkhope.

Mwamva kale mphekesera zoti Akatolika tapangana kupha mfumu. Masiku ano wansembe akagwidwa, ndi chingwe basi. Ndiye wansembe wathu, Bambo Cuthbert, takhala tikuwabisa ngati wantchito wathu wa kukhola.

Tsiku lometa nkhosa anansi anabwera kudzathandiza. Ndikugawa mowa, nditafika pa Bambo Cuthbert, mawondo anangopinda okha, n'kuwapsompsona dzanja monga anatizoloweza amayi. Anthu onse maso pa ine! Mkazi wa Tattersall, pakamwa paja mukupadziwa, anati, "Iii, Cecily, wayamba liti kugwadira munthu wonunkha ndowe? Ameneyutu ndi ndani?"

Mawa lake a boma anadzawatenga Bambo Cuthbert. Woweruza atandifunsa, ndinalumbira kuti munthuyo si wansembe, ndi chibwenzi changa. Inde achimwene, ine mlongo wanu, mayi wa ana atatu. Bambo Cuthbert anangozyolika. Anawakwapula n'kuwapirikitsa m'dera lino, koma khosi lawo linapulumuka.

Ine anandiimika m'tchalitchi cha boma Lamulungu, wopanda nsapato, nditafunda nsalu yoyera ya achigololo, kuulula tchimo loti sindinachite. Mwamuna wanga Hugh akudziwa zoona, komabe anakhala pampando wakutsogolo anthu akumuseka chamumtima, iye osatha kutsutsa. Ana akapita kuchitsime amawafunsa kuti bambo awo enieni ndani. Zonsezi chifukwa cha mawondo anga opusawa. Manyazi andigwira moti kumsika ndinasiya kupita.

Tsono pempho langa ndi ili. Mbiriyi ifika kumeneko, ndipo ikafika musanditeteze. Pakati pa Akatolika anzanu othawira kumenekowo pali makutu a boma, chikhalirecho Bambo Cuthbert akadali m'dziko muno. Amayi musawauze zoona. Mukuwadziwa, nkhani sigona m'kamwa mwawo, makamaka yoyeretsa mwana wawo. Akalira, alekeni alire. Akanena kuti mwana wamkazi alibenso, inu muvomere.

Kalatayi mukawerenga muiponye pamoto.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Ursula ndi ana. Amayinso muwapatse moni wanga, ngati angaulandire.

Ndine mlongo wanu,
Cecily