Mfuti Imene Inapha Mlamu Wanu

Achimwene,

Landirani moni. Ana ali bwino, koma ine tulo sindikutiona.

Tsiku limene akuba mitengo anawombera mlamu wanu, ife tinali m'munda kuthyola tiyi. Mfuti italira kubulugamu kumene ankalondera, tinangoti alonda akuopseza anyani, n'kupitiriza kuthyola.

Dzulo wapolisi anandifunsa kuti, "Amayi, inalira bwanji? Ya otomatiki, munthu akangokoka osachotsa chala, zipolopolo zimangokhuthuka. Ya semi imatulutsa chimodzi, mpaka akokenso."

Ndinati, "Bwana, mainawo ndi anu. Inalira kamodzi, ndipo chimodzicho chinakwana."

Mudzabwere mudzaone manda. Mulungu akusungeni ku Joniko. Mukamva mfuti, musamati ndi anyani.

Ndine mlongo wanu,
Esinati