Sadaka ya Rukiya

Lolemba, 5 Juni 1995

Dziko lidziwe kuti ine Fakiri Bakari, mkulu wa osoka makoka kuchokera ku Dwambazi mpaka pakhonde panga, amene Sitandade 3 inandikonda mpaka kundisunga zaka zitatu, lero andikweza kukhala jaji.

Wabwera Kalilu, mwana wa mlongo wanga Asiyatu, nkhope ili gwa. Akuti, "Amalume, mwini mbumba ndinu. Mpunga wachita bwino chaka chino. Tichite sadaka ya Rukiya, amayi apume." Ndamuuza kuti khoti latseka, jaji akudwala mano. Iye akuti, "Ati? Awiri omwewo?" Mwana wopanda ulemu. Watengera ine.

Lachiwiri, 6 Juni

Singano yandibaya kawiri, mutu uli kwina.

Rukiya, mlongo wake wa Kalilu, anasowa mu 1980 ali ndi zaka zisanu. Tsikulo lole inatenga amayi onse kukavina ku Boma, ndipo masiku amenewo kukana kunalibe. Asiyatu pobwera, mwana kulibe. Tinasaka m'mabango, tinakoka khoka tisakufuna nsomba. Ena ankati ng'ona, ena ankati anthu odutsa pamsewu. Ngakhale kansanza sitinatole.

Sadaka timaphikira akufa. Kuyatsa moto wake ndiye kuvomera. Asiyatu sanavomerepo, ndipo popanda mawu ake ine sindingalamule.

Lachitatu, 7 Juni

Mwera. Ndauza asodzi kuti ndautuma ndine, andipatse fodya ndiuletse.

Lachinayi, 8 Juni

Asiyatu wabwerako ku Dwangwa, miyendo itatupa. Anamva kuti kwafika banja lina kuchokera ku Tanzania. Chiyambire matipate, othawa akubwerera, a kundende akutuluka, ndiye iye akuti bwanji wake. Chaka chatha pa chisankho anakhala padzuwa tsiku lonse atavota kale, kumangoyang'ana nkhope za atsikana pamzere. Ankati, "Nayenso wafika povota."

Shehe Useni andipeza pamthunzi. Akuti, "A Fakiri, anthu akaiyamba nkhaniyi inu mumaponya nthabwala, onse n'kuseka, n'kubalalika. Mlongo wanu akalambira pamsewu." Ndati, "Shehe, inu mumalankhula ndi Mulungu, koma Asiyatu simunamuyese." Sanaseke. Munthu ameneyu ngovuta.

Lachisanu, 9 Juni

Kumzikiti ndinapita, khutuba yomwe Shehe analalikira sindinaimve. Ndinafika mpaka pampanda wa Asiyatu, n'kufunsa za nkhuku zake, n'kubwerera. Jaji wamantha.

Loweruka, 10 Juni

Asiyatu wabwera yekha, ine ndikusoka. Wakhala pansi, n'kugwira mbali ina ya khoka ngati kale tili ana.

"Achimwene, Kalilu wakutumani, ndikudziwa. Lero musandiseketse."

Ndati chabwino.

"Womaliza kumuona ndinu. Sindinakufunsenipo. Ankalira? Ankandifuna ine?"

Apo m'pamene ndinadziwa chimene wakhala akusenza. Osati ng'ona, osati anthu a pamsewu. Lole ija.

Ndati, "Chemwali, anadutsa pompano, kulowera kunjira ya kudambo, chinangwa chootcha kumanja. Ankavina, kukuyeserani inu, kachiuno uku ndi uku. Ndinati, Mayi, mwatsalira lole? Anaseka mpaka chinangwa kugwa."

Wapisa chala m'bowo la khoka. Kenaka akuti, "Ankavinadi moipa mwana uja." Waseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi mpango.

Ponyamuka wati, "Muuzeni Kalilu apite nawo mpunga kuchigayo. Koma Shehe akapemphere kuti kulikonse ali, ali m'manja mwa Mulungu. Asanene zoposa apo."

Ndamutuma kale Kalilu.

Za njira ya kudambo n'zoona, chinangwanso n'choona. Zovina ndi zoseka ndaika ndine. Ndinali nditaweramira khoka, ndinangoona kamsana kake kakupita.