Selotepi pa Silimba ya Apongozi

Lolemba, 14 Epulo 1997

Mawaya a gitala achitanso dzimbiri. Mwezi uno ndi choncho, ukangoimba masana amodzi kufupi ndi mathithi, chilichonse chachitsulo chanyowa. Ndawawiritsa mumpoto wakale wa tiyi kuti ayambenso kulira. Harriet anasuzumira, akuti, "Ba Rodwell, ndiyo yapsa? Nibweletse mchele?" Zaka zisanu ndi chimodzi tili pabanja, nthabwala yake ndi yomweyi.

Nkhani yaikulu. Hotela ina ya kumathithi ikufuna bandi ya Loweruka masana. Kaseti ifike pasanathe masabata awiri, ndipo manejala akuti mukhale kanthu kachikhalidwe. Webster, mnzanga wa kiyibodi, ali ndi makina ojambulira kuchipinda kwake. Kachikhalidweko ndiye tinalibe.

Mwayi wake, apongozi anga Ba Imwiko, bambo ake a Harriet, afika dzulo kuchokera ku Senanga kudzaonetsa maso kuchipatala. Silimba yawo, choimbira cha matabwa ndi zikho, anabwera nayo pamwamba pa basi, sailola kugona yokha. Harriet wawapempha m'malo mwanga kuti aimbe nafe. Avomera.

Lachiwiri, 15 Epulo

Kuyeserera koyamba, pakhonde. Manja ali nawo mdalayu, zimenezo sindingakane. Timitengo tiwiri tokha koma ngati akuimba anthu atatu, kwinaku akung'ung'udza chapansipansi. Ana a pafupi anadzaza mpanda.

Koma phokoso! Thabwa lililonse akalimenya, pansi pake pakumveka kuti zzzz, ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Ndinayandikiza kamakina kanga kochunira gitala, singano yake n'kumangothawathawa.

Ndamuuza Harriet. Akuti silimba imalira choncho. Ndati chinthu chikhoza kukhala chakale n'kukhalabe cholakwika. Akuti iye amaikonda. Apo ndiye pamene timasiyana. Iye amakonda, ine ndimadziwa. Munthu amene amamvera kaseti ya woimba wina wake wosemphana ndi gitala yake yomwe, mpaka kulira nayo, sangandiphunzitse ine za nyimbo. Zomalizazi ndalemba muno mokha.

Lachinayi, 17 Epulo

Tayesa kujambula nyimbo imodzi. Webster anamasula sipika yonse, ankaganiza kuti yang'ambika. Atazindikira anandikokera panja. "Boyi, ako kanoizi ni kachani? Bazungu bazaganiza ati tepu ni yoola."

Anthu awiri odziwa ntchito, khutu limodzi. Si nkhani ya kukonda kapena kusakonda.

Vuto ndi ili: apongozi umawauza bwanji? Munthu amene ndimamupatsa moni nditanjuta, ndikuomba m'manja. Sitidyera mbale imodzi. Ndikafuna kudziwa ngati agona bwino ndimafunsa Harriet, iwo ali pomwepo. Ndiye ndiyambe lero kuwauza kuti silimba yanu ili ndi chimfine?

Ndaona kumene kukuchokera phokosolo. Pansi pa thabwa lililonse pali chikho. Chikho chilichonse chili ndi kabowo m'mbali, komatidwa ndi kachikopa koyera kaja kangaude amasiya pakhoma. Ndi kameneko kakunjenjemera. Kanthu kochepa ngati chikhadabo kuononga kaseti yathunthu.

Loweruka, 19 Epulo

Ndachita.

Harriet anapita ndi bambo ake kumsika wa ku Maramba kukagula nsapato za pulasitiki ndi fodya. Ola limodzi ndi theka. Zikho khumi ndi ziwiri, selotepi imodzi, lumo la Harriet losokera. Ndinamata selotepi pa tizikopa tonse, mofulumira ngati ndikuba nkhuku.

Ndinamenya thabwa limodzi. Mawu oyera ngati belu la kutchalitchi. Singano inaima chilili pakati.

Ndilembe zoona: ndinasangalala. Ndinaifunditsa silimba bulangete lake monga mmene apongozi anaisiyira, n'kukawatsukira kapu yawo ya tiyi, chinthu chimene sindinachitepo.

Lolemba, 21 Epulo

Tsiku lojambula. Kwa Webster kutentha, mawindo otseka chifukwa cha tambala wa eni nyumba. Magetsi anathima kamodzi.

Apongozi anakhala pansi, n'kumenya thabwa loyamba. Anaima. Anamenya lachiwiri. Maso awo akadali ndi mankhwala, saona bwino zapafupi, choncho anapisa dzanja pansi n'kupapasa chikho. Ndinaona chala chikuima pa selotepi. Anapapasa chotsatira, ndi chinanso. Webster mwadzidzidzi anapeza ntchito yambiri kuseri kwa makina.

Sanakalipe. Anapukuta chala pathalauza, n'kufunsa akuyang'ana khoma, monga mwa ulemu wathu, "Ni mwamene mufunila, apongozi?"

Ndinati ee, n'chifukwa cha makina. Makina osalakwa, kuwasenzetsa mlandu wanga.

Nyimbo zitatu, kamodzikamodzi, osaphonya paliponse. Webster akuti chiyambire kujambula sanaonepo zotere. Koma kung'ung'udza kuja kunalibe. Atamaliza anaika timitengo pansi mwaulemu ngati munthu amene wamaliza kudya kwa eni ake.

Pobwerera tinayenda chete mpaka kunyumba. Tsiku lililonse timayenda chete, koma lero kukhala chete kumeneko ndinakumva.

Lachisanu, 25 Epulo

Hotela yatitenga. Manejala anamvera mbali yonse, akuti zoyera bwino, alendo akhoza kudya akucheza osasokonezeka. Webster anagula Fanta ziwiri.

Ndiye ndinalondola. Ndalemba kuti ndione mmene zikuonekera papepala. Ndinalondola.

Ndinafuna kukamuuza Harriet ndi mawu omwewa, koma ndinapeza akusita malaya a bambo ake. Akubwerera Lamlungu. Akuti maso apeza bwino, ndipo ng'ombe sizingadikire. Za Loweruka masana akuti tipeze wina, ku Maramba oimba silimba ndi ambiri.

Lamlungu, 27 Epulo

Ndinadzuka m'mawa kuti ndimange silimba ndi zingwe, ikwere basi. Apongozi anandiletsa ndi dzanja. "Iyi ni yanu manje. Ku nyumba nizapanga ina."

Harriet anaomba m'manja, misozi m'maso. Akuti bambo ake sanapatsepo munthu silimba, ngakhale mwana wawo woyamba, ndiye kuti andikonda kwambiri. Ine ndinagwada n'kuthokoza. Sindinachitepo manyazi otere chibadwire.

Pabasi anakwera ndi kachikwama kokha. Kondakitala anafunsa ngati katundu ndi yemweyo.

Lachiwiri, 29 Epulo

Dzulo ndinamatula selotepi. Tizikopa tonse khumi ndi tiwiri tatsatira selotepi. Tsopano ndi mabowo okhaokha.

Ndasuntha wadiropu, ndayang'ana kuseri kwa kalendala, mpaka m'chimbudzi cha eni nyumba. Harriet amasesa kwambiri, kangaude sangamange kanthu muno. Ndayesa pepala la ndudu. Likulira ngati pepala la ndudu.

Webster akuti nditaye nthawi pa zina, mawaya a gitala ya besi akufunanso mpoto.

Lachitatu, 30 Epulo

Webster wabweretsa kaseti yathu, dzina la bandi atalemba ndi inki yofiira. Masana ndinaiika pabalaza, ndinafuna kuimveranso ndekha bwinobwino. Ndi yabwino. Aliyense wodziwa nyimbo angavomereze. Palibe pamene ndingaloze chala.

Harriet anali kukhitchini, anali asanaimvepo. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inafika pakati, silimba ili patsogolo penipeni. Ndiye anaitana, "Ba Rodwell, zimyani wailesi iyo. Ikani kaseti ija ya Bo Ndate, nimveleko atate banga."

Ndinadikira kuti aseke. Ndinangomva mpeni ukudula anyezi.

Ndinazimitsa. Ndamuuza kuti kasetiyo ndaiwala kwa Webster.

Akuti mawa ndisaiwale.