Mawotchi Awiri a pa Fakitale ya Thonje ya ku Clough Bottom

KOMITI YA AMAYI OOMBA NSALU YOTETEZA LAMULO LA MAOLA KHUMI

Tsiku: Loweruka, 10 Marichi 1849
Malo: Chipinda cha Sande sukulu, tchalitchi cha kumlatho
Analipo: Mayi Keziah Ramsbottom (Wapampando), Mayi Selina Clegg, Mayi Bathsheba Nuttall ndi Mayi Hephzibah Tattersall, onse anayi oomba nsalu, Mayi Dorcas Entwistle, mphunzitsi wopuma (Mlembi), Bambo Enoch Horsfall, agolosale, amene amasunga makiyi a chipindachi ndipo alibe voti.
Sanabwere: Mayi Lettice Haworth, chifukwa cha chifuwa. Anapepesa.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero itangodutsa 5 koloko ndi mphindi zinayi. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa.

2. Zimene Mayi Clegg anapeza

Wapampando anakumbutsa kuti lamulo limati amayi azigwira ntchito maola khumi patsiku, Loweruka asanu ndi atatu, koma ambiri akudandaula kuti belu loweruka limachedwa. Popeza wantchito saloledwa kulowa ndi wotchi, Mayi Clegg anabisa ya malemu amuna awo mkati mwa buledi wa nkhomaliro kwa masiku asanu ndi limodzi.

Iwo anati belu linachedwa motere: Lolemba mphindi 22, Lachiwiri 31, Lachitatu 19, Lachinayi 40, Lachisanu 27, lero 11. Mlembi anawonkhetsa kawiri ndipo anapeza mphindi 150, kapena kuti maola awiri ndi theka, kwa mayi aliyense mwa amayi 214.

Mayi Tattersall anafunsa chifukwa chake manambalawo sakufanana. Anati akanakhala kapitawo wobweza mivi ya wotchi, bwenzi akuba mofanana tsiku lililonse, pakuti bambo ameneyo alibe nzeru zosinthasintha.

Mayi Clegg anayankha kuti Lachinayi anapititsa chakudya kwa alamu awo amene amasonkha moto wa injini, ndipo m'chipinda cha injinimo anaona mawotchi awiri. Ina ndi wotchi wamba, yoimbira belu lolowera. Inayo imayendetsedwa ndi lamba wochokera ku gudumu la injini, ndipo ndiyo yoimbira belu loweruka. Injini ikafooka, wotchiyo imafookanso. Lachinayi malasha anali onyowa.

Wapampando anati, "Dikirani kaye, anzanga. Ndiye malasha akanyowa, nthawi nayonso imanyowa?"

Komiti inathera mphindi khumi ndi imodzi pa funso limeneli. Mayi Tattersall anafuna kudziwa ngati munthu amakalamba injini ikaima. Mlembi anajambula magudumu awiri ndi lamba pasileti. Mafunso anali asanu ndi awiri. Mlembi anatha kuyankha anayi.

3. Maganizo a Bambo Horsfall

Ataloledwa kuyankhula, Bambo Horsfall anati mwini fakitale sagula maola koma kuzungulira kwa gudumu, ndipo gudumu likachedwa n'koyenera kubwezera. Anati ntchito ndi pangano la anthu awiri aufulu, ndipo boma likalowererapo malonda amafa. Anatinso palibe amene amamangidwa chingwe kupita kufakitale.

Mayi Nuttall anati, "Chingwecho chilipo, a Horsfall, dzina lake njala. Mukachiona bwanji inu, mimba ili pa kauntala ngati thumba la mbatata?"

Wapampando anapempha kuti mawu akuti thumba abwezedwe. Mayi Nuttall anabweza thumba, mbatata anakana.

4. Kalata yopita kwa woyendera mafakitale wa boma

Mlembi anawerenga kalata imene anakonza, ya mizere 23, nanena kuti woyenderayo salabadira kalata yopanda dzina la mboni. Wapampando anakumbutsa kuti nyumba imene Mayi Clegg akukhala ndi ana awo atatu ndi ya fakitale, ndipo wochotsedwa ntchito amatulukamo pasanathe sabata.

Mayi Clegg anati anatenga wotchi pofuna kungodziwa, osati kuti agone panja. Anafunsa ngati kudziwako sikokwanira.

Mayi Nuttall analoza Bambo Horsfall ndi mlomo, nanena kuti akazi awo amasoka makatani kunyumba kwa mwini fakitale. Bambo Horsfall anakana kutuluka, ati makiyi ndi awo.

Apa oomba nsalu anayiwo anatembenuza mipando n'kuyang'anizana, ndipo anapitiriza zokambirana monga amachitira pakati pa phokoso la makina, pogwedeza milomo popanda kutulutsa mawu. Mlembi, amene anathera zaka 31 m'kalasi osati m'fakitale, sadziwa kuwerenga milomo. Akhoza kungotsimikiza izi: zinatenga mphindi zisanu ndi zinayi, Mayi Nuttall anamenya tebulo kawiri, Mayi Clegg anapukusa mutu kasanu, analira kamodzi, anaseka kamodzi, Mayi Tattersall anawagwira dzanja osalitaya.

Bambo Horsfall anafunsa katatu zimene zikunenedwa. Mayi Nuttall anati, "Tikupempherera malonda anu, bambo."

Mlembi atafunsa cholemba, Wapampando anati alembe zimene wamva. Mlembi sanamve kanthu.

Chigamulo, mwa mavoti asanu popanda wotsutsa: kalata itumizidwe; mayina alembedwe mozungulira ngati mkombero kuti pasaoneke woyamba; akatuluka Mayi Clegg m'nyumba, ana agawidwe kwa Mayi Nuttall ndi Mayi Tattersall, iwo akagone kwa Mlembi. Wapampando anauza Bambo Horsfall kuti nkhani ikafika kwa mwini fakitale kalata isanafike kwa woyendera, amayi 214 adziwa golosale yoilambalala. Bambo Horsfall anati iwo sanamve kalikonse, ndipo anapempha kuti zimenezi zilembedwe.

5. Zina ndi zina

Mbale ya tiyi inavindikiridwa pakalatapo cha m'munsi ndipo Mlembi anazunguliza pensulo. Zinadziwika kuti Mayi Clegg sadziwa kulemba. Mlembi anati angathe kuika kamtanda, monga amachitira ambiri.

Mayi Clegg anati, "Ayi, aphunzitsi. Kamtanda n'ka aliyense. Wotchiyo ndinanyamula ndine. Ngati andichotse, andichotse akuwerenga dzina langa. Patseni chokocho."

Anayeserera pasileti kasanu ndi katatu. Mayi Nuttall anati chilembo choyamba chikufanana ndi nyongolotsi yopondedwa, ndipo anauzidwa kuti atseke pakamwa. Kenaka Mayi Clegg analemba ndi inki pa kalata, zilembo khumi ndi chimodzi, m'mphindi zisanu ndi imodzi. Dzinalo linatuluka kunja kwa mkombero, ndipo ndi lalikulu kuposa ena onse. Mlembi anati akhoza kukopera kalata ina. Mayi Clegg anati isiyidwe choncho.

6. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 24 Marichi, 5 koloko, ngati chipinda chidzatsegulidwe. Apo ayi, kunyumba kwa Mlembi, kumene kuli mipando inayi.

Msonkhano unatsekedwa kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti ikwane 7 koloko. Kalata anainyamula okha Mayi Clegg kupita nayo kupositi.

Keziah Ramsbottom, Wapampando
Dorcas Entwistle, Mlembi